Bampala ya winchi yowotcherera tokha: zomwe zimavuta kawirikawiri ndi kakonzedwe kake

Ambiri mwa ife amene timadya za kuwotcherera kuno ku Joni tinapemphedwapo kupanga bampala yokhala ndi winchi (makina a mota okokera galimoto ndi chingwe ikatitimira), kaya ya Hilux, Ranger, Isuzu kapena Land Cruiser yakale. Yogula kusitolo ndi yodula, ndiye mwini galimoto amapita kwa m'bale wake wa pagalaja ku Booysens, Selby kapena Germiston kuti amupangire. Tsiku loitulutsa imaoneka bwino kwambiri. Pakapita miyezi ingapo galimoto ija imabweranso, ndipo madandaulo amakhala omwewomwewo: bampala yapendeka, mabawuti akumasuka, injini ikutentha, winchi ikulira koma sikukoka.

Nthawi zambiri winchi imangonamiziridwa. Vuto limakhala m'njira imene mphamvu ikudutsa kuchoka pa diramu kukafika pa chesisi, kapena m'njira imene magetsi akudutsa kuchoka pa batire kukafika pa mota. Winchi yolembedwa 9,500 lb imakoka pafupifupi matani 4.3, ndipo ya 12,000 lb imapitirira matani 5. Mphamvu yonseyo imathera pa mabawuti anayi ndi pa mabulaketi amene inu munadula nokha ndi galainda.

Pezani chizindikiro chanu m'munsimu. Zoyambitsa zake ndaziyika motsatana, kuyambira chimene chimachitikachitika.

Musanagwire sipanala

- Masulani chingwe kuti chisakhale chokungika.
- Zulani rimoti ya winchi, kenako chotsani waya wa negative pa batire.
- Mukalowa pansi, galimoto ikhale pa masitandi, osati pa jeke yokha.
- Mapulagi ndi mawaya achikasu ndi a airbag. Musawadule, musawayeze ndi kanyali koyezera magetsi.

1. Bampala yapendeka kapena yasuntha mutakoka

Ili ndiye vuto lalikulu, ndipo limayamba tsiku lojambula, chitsulo chisanadulidwe n'komwe.

*Mabulaketi agwira kunsonga kokha kwa chesisi.* Pamene panali bampala ya pulasitiki ndi pamalo pamene opanga galimoto anapakonza kuti papindike pa ngozi. Si pokokera. Lowani pansi ndi tochi muone mozungulira mawashala: mukaona chitsulo chonyezimira kapena penti wosupuka, bulaketi ikuyenda. Pangani mabulaketi aatali obwerera m'mbuyo motsatira chesisi, ndipo gwiritsani ntchito mabowo amene anabwera ndi galimoto, makamaka a pomwe panali ngowe zokokera. Mabawuti ena alowe cham'mbali, ena kuchokera pansi. Onse akakhala pa mzere umodzi, bulaketi imasanduka hinji ndipo bampala imagwada mukangokoka.

*Mabowo onse ndi aatali.* Timakonda mabowo otalika chifukwa amatithandiza kusuntha bampala kuti ifanane ndi bodi. Koma winchi nayo imaisuntha chimodzimodzi. Mukamaliza kulinganiza ndi kumanga, boolani bowo limodzi lozungulira mbali iliyonse lolumikiza bampala ndi bulaketi yake, muikepo bawuti lokwana ndendende. Bowo limenelo ndi limene limaletsa kutsetsereka.

*Winchi yakhala m'mwamba kwambiri kapena kutsogolo kwambiri.* Chingwe chikamatulukira pamwamba pa mzere wa chesisi, chimapotokola bulaketi m'malo moikoka molunjika. Sentimita iliyonse yowonjezera imakulitsa kupotokolako. Tsitsani puleti ya winchi kuti ikhale pakati pa mikono iwiri ya chesisi kapena pafupi nayo momwe mungathere. Ndikudziwa kuti eni galimoto ambiri amafuna winchi yoonekera patali, koma apa muwauze zoona.

*Puleti ya winchi ndi yopyapyala.* Ikani rula yachitsulo pamwamba pake mutachotsa winchi. Mukaona kuwala pansi pa rula, yapindika. Puleti isachepere mamilimita 6, ndipo pa winchi ya 12,000 lb ine ndimasankha 8. Pemphani S355JR kwa ogulitsa zitsulo, ndi chimene chinalowa m'malo mwa 350WA yakale kuno ku South Africa. Pindani m'mphepete kutsogolo ndi kumbuyo, chifukwa puleti yopinda m'mphepete imalimba kuposa yokhuthala koma yafulati. Mabowo a winchi zambiri amatalikirana mamilimita 254 m'litali ndi 114 m'lifupi, ndipo ayenera kukhala pamalo osalala. Puleti ikapindika imapotoza winchi yonse, diramu n'kuyamba kukhula m'mbali.

*Chesisi yaphwatalala pamene padutsa bawuti.* Chesisi ya bakkie (pikapu) ndi bokosi lopanda kanthu m'kati. Mukamanga bawuti lodutsa mbali zonse popanda kapaipi kokhuthala m'kati, makoma amayandikana pang'onopang'ono ndipo bawuti silidzagwira konse. Ikani kapaipiko, kotalika mofanana ndi m'kati mwa bokosilo.

Imani apa ngati chesisi yeniyeniyo yang'aluka, yapindika, kapena mikono yake iwiri sikufanananso. Musaitenthe ndi moto kuti iwongoke, musaiwotcherere chigamba. Imeneyo ndi ntchito ya amene ali ndi makina owongolera ndi kuyezera chesisi.

2. Mabawuti akumasuka, kutsogolo kukumveka gogogo pa mabampu

- Mabawuti ofewa. Yang'anani pamutu pake. Pakakhala palibe nambala, kapena palembedwa 4.6 kapena 4.8, achotseni onse. Pafunika 8.8 kapena 10.9. A stainless wamba olembedwa A2-70 amaoneka bwino koma safika pa 8.8, choncho asungireni nambala puleti ndi nyali.
- Penti wochindikala pansi pa washala. Powder coating, penti wa ufa wowotchedwa mu uvuni, imaphwanyika pang'onopang'ono ikapanikizidwa, ndiye bawuti limene linali lolimba limapezeka lagwedera. Palani pamene pakukumana zitsulo, mupakepo primer wopyapyala basi.
- Kumanga mongoyerekeza. Pa mabawuti ouma a 8.8, M10 imafuna pafupifupi 50 Nm ndipo M12 pafupifupi 85 Nm. M12 ya 10.9 imafika cha m'ma 120 Nm. Pa mapazi a winchi tsatirani buku lake, chifukwa manati ake amakhala m'bodi ya aluminiyamu.
- Manati a nyloc (okhala ndi pulasitiki m'kati woletsa kumasuka) ogwiritsidwa ntchito kachiwiri kapena kachitatu. Gulani atsopano.
- Mabawuti a winchi otalika mosayenera. Mukakhuthalitsa puleti, akale amafupika ndipo amangogwira mizere iwiri ya nati. Aatali kwambiri nawonso amagunda m'kati asanapanikize puleti.

Mukamanga, lembani mzere wa penti kuchokera pamutu wa bawuti kufika pa bulaketi. Mzere ukaduka mudzadziwa ndi maso okha kuti lazungulira. Kwa amene mumayendetsa kupita kumudzi kudzera pa N1, Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, yang'anani mizereyo musananyamuke ndiponso mukafika. Msewu wautali wa maenje umamasula zimene misewu ya mu Johannesburg sikanamasula chaka chonse.

3. Bampala ikukhula bodi, nyali yasweka, tayala likukhudza

Bodi ya bakkie imakhala pa mphira pamwamba pa chesisi, ndipo ziwirizi siziyenda limodzi. Bampala ili pa chesisi, pamene fenda ndi nyali zili pa bodi. Mpata wa mamilimita 5 umakongola pagalaja, koma tayala limodzi likakwera mwala umatsekeka.

Choyambitsa choyamba ndi mpata wochepawo. Siyani mamilimita 15 mpaka 20 paliponse, ndipo ngati mwini galimoto sakufuna kuona mpata, tsekani ndi mphira wofewa. Chachiwiri ndi mphira za pansi pa bodi zimene zatha, makamaka pa galimoto zakale. Chachitatu ndi mapiko a bampala amene akunjenjemera chifukwa alibe chogwiriziza kumbuyo. Tayala likamakhudza, pindani siteling'i mpaka kumapeto mbali zonse, tayala limodzi lili pamtunda, muone pamene pakukhula ndi kudulapo. Musaiwale kabotolo ka madzi a mawaipa, nthawi zambiri kamatsala poyera bampala yakale ikachoka.

4. Mng'alu pamene munawotcherera

Kamzere ka dzimbiri kotsatira m'mphepete mwa chowotcherera ndi chizindikiro choyamba, mng'alu usanaoneke ndi maso. Musakapake penti.

*Moto unachepa.* Ichi ndicho chofala. Kamakina kakang'ono ka inverter, waya wautali wopyapyala wochokera m'nyumba, kapena jenereta yaing'ono tsiku limene Eskom yazimitsa magetsi: zonsezi zimachepetsa moto pamene puleti ya mamilimita 6 kapena 8 ikuufuna wambiri. Chowotcherera chotere chimakhala pamwamba ngati mbozi yogona pa tsamba, osalowerera m'chitsulo. Makina a CO2 (owotcherera ndi waya ndi gasi) amanyenga kwambiri pamenepa, chifukwa amatulutsa mzere wokongola ngakhale pansi sipanasungunuke. Wotchererani tizidutswa tiwiri ta puleti yomweyo, mutiike pa vayisi, mutimenye ndi hamala. Tikathyoka pa chowotcherera n'kuonetsa m'mphepete mosasungunuka, bampala yanu ilinso chimodzimodzi.

*Simunasongole m'mphepete.* Puleti zokhuthala zikakumana, songolani m'mphepete ndi galainda kuti pakhale ngalande ya V, ndipo wotchererani mbali zonse ziwiri pamene dzanja lingafike.

*Munapala kwambiri pofuna kusalaza.* Pa makona oonekera palibe vuto ngati m'kati mwawotchereredwa. Pa mabulaketi ndi pa puleti ya winchi musapale chowotcherera konse.

*Chowotcherera chathera pa kona penipeni,* kapena moto unadya m'mphepete n'kusiya kangalande. Ming'alu imayambira pamalo otere. Zungulirani kona ndi chowotcherera, musaimire pomwepo. Ndipo podula mabulaketi, makona a m'kati akhale obulungira.

*Ndodo zonyowa kapena chitsulo chakuda.* Ndodo za 7018 ndi zabwino pa ntchito iyi kuposa 6013, koma zimakoka chinyezi, makamaka m'miyezi ya mvula kuyambira Okutobala mpaka Malichi. Zisungeni potsekedwa ndi pouma. Palani dzimbiri, penti ndi khungu lakuda la pa puleti yatsopano musanayambe.

Pokonza, chotsani bampala pa galimoto. Kuwotcherera ili pomwepo kumaika pachiswe makompyuta a galimoto ndi mawaya a airbag. Pezani pamene mng'alu wathera, ndipo mankhwala ofiira opopera aja ofufuzira ming'alu amathandiza kwambiri pamenepa. Boolani kabowo kumapetoko, kumbani mng'alu wonse ndi galainda mpaka chitsulo chabwino, wotchererani, kenako onjezani kapuleti kogwiriziza. Kungodutsitsa moto pamwamba pa mng'alu ndi kuubisa chabe.

Imani apa ngati mng'alu uli pa puleti ya winchi kapena pomangirira shackle (chitsulo chonga U chotsekedwa ndi pini, chomangirira chingwe). Chidutswacho chidulidwe chonse n'kupangidwa chatsopano, ndipo ngati simukhulupirira dzanja lanu kapena makina anu, pitani nacho kwa coded welder (wowotcherera woyesedwa amene ali ndi satifiketi). Palibe chamanyazi pamenepo. Chitsulo chikathothoka chingwe chili chokungika chimauluka molunjika kwa amene waima kutsogolo.

5. Pomangirira shackle papindika kapena bowo latalika

Kawirikawiri khutu lachitsulo lomangirirapo shackle linangowotchereredwa pa khungu la kutsogolo la bampala, limene ndi la mamilimita 3. Khutu liyenera kudutsa khungulo n'kukalumikizana ndi bulaketi ya pa chesisi, mzere umodzi ndi mkono wa chesisi. Chotsatira ndi khutu lopyapyala kapena bowo lalikulu kuposa pini. Shackle ya matani 4.75 ili ndi pini ya mamilimita 22, ndiye bowo likule pang'ono chabe kuposa pamenepo, ndipo kutsogolo kwa bowo kutsale chitsulo chokwanira. Chomaliza ndi kukokera cham'mbali, kumene kumapinda ngakhale khutu labwino.

Kumbukiraninso kuti mukadutsitsa chingwe pa snatch block (kagudumu kodutsitsapo chingwe) n'kubweza ngowe pa bampala yanu, galimoto imalandira mphamvu yowirikiza kawiri, theka pa winchi ndi theka pa khutu limodzi. Ndipo mpira wokokera ngolo kumbuyo si pomangirira chingwe, ngakhale kamodzi. Umathyoka n'kuuluka, ndipo anthu anafapo nawo.

6. Injini yayamba kutentha chiikireni bampala

Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750. Mpweya wa kuno ndi wopepuka kuposa wa ku Durban, choncho umachotsa kutentha kochepa pa radiator ndi pa intercooler (choziziritsa mpweya wochokera ku turbo). Bampala imene ingayende bwino kunyanja ikhoza kutenthetsa injini kuno, makamaka m'chilimwe, galimoto italemedwa ndi katundu kapena ikukoka ngolo.

Choyamba dziwani nthawi imene ikutentha. Muvi wa pa dashibodi pa galimoto zambiri zatsopano sumasuntha mpaka zinthu zitaipa, ndiye ikani kachipangizo ka OBD (kolumikiza ku kompyuta ya galimoto) muwerenge madigiri enieni. Ikamatentha mukuthamanga kapena pokwera mtunda, vuto ndi mpweya wolowa. Ikamatentha mutaima pa mzere wa magalimoto, kayikirani fani.

- Khomo la mpweya latsekedwa. Winchi, bokosi la solenoid (switchi yoyatsa mota ya winchi), nyali zowonjezera ndi nambala puleti zonse zaunjikana patsogolo pa radiator. Yerekezani ndi kukula kwa khomo la pa bampala yoyambirira. Sunthani bokosilo lipite m'mbali kapena mu boneti, tsegulani mabowo pansi ndi m'mbali mwa winchi.
- Mapulasitiki otsogolera mpweya anatayidwa. Ambiri timawaona ngati zinyalala pochotsa bampala yakale. Popanda iwo mpweya umazembera m'mbali ndi pansi m'malo modutsa mu radiator. Abwezereni, kapena pangani ena ndi lata kapena mphira.
- Matope ndi udzu pakati pa condenser (ya air con), intercooler ndi radiator. Tsukani ndi madzi opanda mphamvu kwambiri kuchokera kumbuyo.
- Kufooka kumene kunalipo kale: fani yotha mphamvu, thermostat, chotsekera cha radiator. Bampala yangoulula.

Imani apa ngati madzi akuchepa popanda podontha, mu kabotolo mukutuluka thovu, oyilo wasanduka woyererako, kapena ku ekizozi kukutuluka utsi woyera wosatha. Zimitsani, itanani makaniko. Musatsegule chotsekera injini ili yotentha.

7. Winchi ikungoti tcha koma osazungulira, kapena ikukoka mofooka

Winchi ya 9,500 lb ikalemedwa kotheratu imatha kudya ma amp opitirira 400. Pa mlingo umenewo, kadzimbiri kochepa pa terminal kamakwanira kuifooketsa. Yambani ndi zotsika mtengo musanaganize zogula mota.

*Earth yamangidwa pa bampala.* Ndi njira yachidule imene imakopa aliyense, chifukwa bampala ili pafupi. Koma pakati pa bampala ndi batire pali penti, powder coating, mabawuti ndi kawaya kopyapyala ka earth ya galimoto kamene sikanapangidwire zimenezi. Waya wa negative wa winchi upite molunjika pa batire, ndipo ukhuthale mofanana ndi wa positive.

*Ma terminal omasuka kapena obiriwira.* Kokani kwa masekondi ochepa, imani, gwirani mosamala polumikizira paliponse. Pamene patentha ndi pamene pali vuto. Pomanga manati a pa mota, gwirani nati ya pansi ndi sipanala yachiwiri. Mukapanda kutero mumazunguliza chitsulo chonse n'kudula waya wa m'kati mwa mota.

*Batire lofooka.* Lodzadza bwino limawerenga ma volt pafupifupi 12.6 injini itazima, ndipo pa galimoto zambiri 13.8 mpaka 14.4 injini ikulira. Yezani pamene winchi ikukoka. Likagwa pansi pa 10, batire latopa kapena ndi laling'ono. Pezani la CCA (mphamvu ya batire yolizira injini) 650 kapena kupitirira, ndipo injini izikhala ikulira nthawi zonse pokoka.

*Mawaya opyapyala.* Asachepere 35 mm², ndipo akatalika akhuthale koposa. Chenjerani ndi otchipa amene ndi aluminiyamu wokutidwa ndi kopa. Palani kansonga ndi mpeni: m'kati mukayera, si kopa weniweni. Kuti mutsimikize, yezani ma volt pa batire ndi pa mota nthawi imodzi mukukoka. Kusiyana kukayandikira volt imodzi, mphamvu ikutayika m'njira.

*Switchi yodulira magetsi yaing'ono,* yopangidwira nyali kapena filiji. Ikani yolembedwa ma amp okwanira winchi.

*Madzi m'bokosi la solenoid.* Mvula ya mabingu ya kuno ndi mapaipi amphamvu a ku car wash zimalowetsa madzi. Ngati winchi ikuzungulira mbali imodzi yokha, kayikirani solenoid kapena rimoti.

*Chingwe chambiri chatsala pa diramu.* Apa palibe chowonongeka. Mphamvu yolembedwa pa winchi ndi ya mzere woyamba wa chingwe, wapafupi ndi diramu, ndipo mzere uliwonse wowonjezera umaichepetsa. Mangirirani patali kapena gwiritsani ntchito snatch block. Komanso onani ngati winchiyo ikuyenera galimotoyo: mwachizolowezi timachulukitsa GVM (kulemera kwa galimoto itadzaza katundu wololedwa) ndi 1.5, ndiye bakkie ya matani atatu imafuna yokoka pafupifupi matani 4.5.

*Mota yatentha.* Mukalephera kuikapo dzanja, ipumitseni. Mota izi sizinapangidwe kuti zizikoka mosalekeza.

Chimodzi chimene ndikupemphani kuti muone lero, ngakhale winchi yanu ikugwira bwino: tsatirani waya wofiira kuchokera pa batire mpaka pa bokosi. Pamene wadutsa pa m'mphepete mwa chitsulo chimene munadula, pakhale mphira ndi chokutira, ndipo amangidwe kuti asagwedezeke. Winchi zambiri zimalumikizidwa popanda fyuzi. Wayayo akasupuka n'kukhudza bampala, galimoto ikhoza kupsa itaima pabwalo usiku.

Imani apa ngati mukumva fungo la kupserera, mukuona utsi, kapena winchi ikupitiriza kuzungulira mutasiya batani. Dulani magetsi pa switchi kapena pa batire, pitani kwa auto electrician.

8. Chingwe chikudyeka kapena chikuunjikana mbali imodzi

Choyambitsa chachikulu chili kumbuyo kwa fairlead (chitsulo cha pakhomo potulukira chingwe), kumene sitiyang'ana. Khomo limene munadula pa bampala likachepa kuposa kukamwa kwa fairlead, chingwe chimakhula pa chitsulo chakuthwa. Chotsani fairlead, kulitsani khomolo mbali zonse, salazani m'mphepete mpaka chala chizidutsa osamva kanthu.

Kenako onani kutalika kwake. Pa winchi zambiri chingwe chimatulukira pansi pa diramu, ndiye fairlead ilunjikane ndi pamenepo, osati pakati pa diramu. Chingwe cha synthetic (cha ulusi, osati waya) chimafuna fairlead yosalala ya aluminiyamu, cha waya chimafuna ya ma roller. Fairlead imene inadutsapo waya ili ndi timinga tosaoneka timene timadula synthetic. Kuunjikana mbali imodzi kumabwera ndi kukokera cham'mbali, ndipo mukakakamiza, mulu wa chingwe umathyola ndodo zolumikiza mbali ziwiri za winchi. Imani, masulani, kulungani bwino. Chingwe chatsopano chikulungidwe koyamba chili ndi katundu, mwachitsanzo pokoka galimoto yomweyo pamtunda wotsetsereka pang'ono, kuti mizere ya pamwamba isamire mu ya pansi. Synthetic imaopanso kutentha: pa winchi zambiri buleki ili m'kati mwa diramu, ndipo imatentha mukamatulutsa chingwe ndi mota kwa nthawi yaitali chili ndi katundu.

Pa diramu pazitsala mikulungo yosachepera 5 ya waya, ndipo ya synthetic pafupifupi 10. Ngati bampala yanu ilibe kazenera koonera diramu, kapena dzanja silifika pa chogwirira cha clutch, dulani khomo pamwamba. Chingwe choduka ulusi wambiri kapena waya wopindika n'kuthyoka tizingwe sakonzedwa ndi tepi, sinthani.

9. Kutsogolo kwagwa, siteling'i ikulemera, matayala akudyeka m'mbali

Puleti ya mamilimita 6 imalemera pafupifupi makilogalamu 47 pa sikweya mita imodzi, ya mamilimita 3 theka lake. Tikapanga bampala yonse ndi 6 poganiza kuti ndiko kulimba, timangopachika katundu kutsogolo kwa matayala. Kukhuthala kukhale pa puleti ya winchi ndi mabulaketi, khungu ndi mapiko zikhale za 3 zopindidwa bwino.

Yezani kuchokera pakati pa tayala kufika pa fenda, mufananize ndi galimoto ina ya mtundu womwewo yopanda bampala. Pitani pa sikelo ya magalimoto muyeze ekiselo ya kutsogolo yokha, muone ngati ili m'kati mwa malire olembedwa pa kapuleti ka galimoto. Chepetsani kulemera poyamba, ndipo chingwe cha synthetic m'malo mwa waya chimathandiza. Mukatero m'pamene mungaganize za masipuling'i ndi mashoko oyenera katunduyo. Pomaliza chititsani alignment ndi kulunjikitsa nyali.

10. Nyali ya airbag yayaka, masensa akulira okha

Kawirikawiri pulagi ya sensa inaiwalika kapena waya anapanidwa pomanga bulaketi. Masensa oimikira galimoto amalira akamaona m'mphepete mwa bampala kapena ngowe ya winchi, ndipo pa galimoto zokhala ndi radar kutsogolo, chitsulo chilichonse patsogolo pake chimaisokoneza. Kuyang'ana mapulagi ndi maso mungathe, batire litachotsedwa. Kupitirira apo ndi ntchito ya amene ali ndi makina owerengera. Sensa ya airbag isasunthidwe pamalo ake, ndipo nyaliyo isazimitsidwe mwachinyengo.

Pali zina zoti mwini galimoto amve kuchokera pakamwa panu musanalandire ndalama. Bampala yopanga pagalaja sinayesedwe pa ngozi, ndipo ikhoza kusintha nthawi imene airbag imaphulika. Auze a inshulansi za kusinthaku, ndipo ngati galimoto ikadali pa warranty afunse kaye. Pansi pa National Road Traffic Act ya 1996 galimoto iyenera kukhala yoyenera pamsewu, choncho nambala puleti, nyali ndi maindiketa zionekere bwino. Makona akuthwa ndi ngowe zotulukira kutsogolo zichotseni. Galimoto imeneyi imakhala masiku ambiri m'misewu ya Rosettenville ndi Mayfair, pakati pa anthu oyenda pansi, kuposa m'tchire.

11. Dzimbiri likutuluka m'makona

Madzi akukhazikika m'kati: boolani mabowo otulutsira pansi penipeni pa puleti ya winchi ndi pa mapiko. Penti akusupuka ngati chikopa: anapakidwa pa khungu lakuda la puleti, ndiye pafunika sandblasting ndi primer ya zinc. Pansi pa fairlead ya aluminiyamu pakutuluka ufa woyera: pakani girisi pakati pake ndi chitsulo. Amene mumapita kunyanja ku Ponta do Ouro kapena Sodwana, tsukani ndi madzi abwino mukangobwerako. Mukasankha galvanising, dziwani kuti chitsulo chimamizidwa mu zinc wa madigiri pafupifupi 450, puleti zopyapyala zimatha kupindika, ndipo paipi iliyonse yotsekedwa imafuna mabowo opumira. Afunseni eni ntchitoyo musanamalize kuwotcherera.

Kuyesa mukamaliza kukonza

Musakayesere koyamba m'chigwembe ku Hennops kapena De Wildt, malo oyendetserako 4x4. Yeserani pabwalo lafulati. Mangirirani pa galimoto ina yolemera kapena pa mtengo waukulu wokutidwa ndi lamba, ponyani bulangeti lolemera pakati pa chingwe, ndipo aliyense aime kutali, cham'mbali. Kokani pang'ono galimoto ikugudubuzika, kenako pondani buleki pang'onopang'ono kuti katundu awonjezeke, masekondi ochepa nthawi iliyonse. Masulani chingwe musanayandikire. Onani mizere ya penti pa mabawuti, yezani mpata wa pakati pa bampala ndi fenda mbali zonse ziwiri, ikani rula pa puleti, gwirani ma terminal. Chimodzi mwa izi chikasintha, bampala itsikenso ndipo mubwerere ku gawo loyamba.